Chotenthetsera chosafiira chinawotcha mwana wanga

Tadala wanga ali ndi miyezi isanu, ndipo dzanja lake lamanja silitambasuka. Zala zitatu zinamatana. Anapsera m'chipatala, m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane. Chipatalacho sindichitchula dzina. Ndine mphunzitsi wa boma, ntchito ndikuifunabe. A kuno ku Neno akuchidziwa.

Anabadwa mu Juni, mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri, mphepo ya kumapiri kuno itafika poipa. Pambali pa kabedi kake anaimika chotenthetsera chamagetsi, akuti chinabwera ndi katundu wothandiza othawa nkhondo ku Luwani. Choyera, chadothi ngati mbale. Sichifiira, sichiwala, sichilira.

Lachitatu, 9 koloko m'mawa, ndinagwira mapazi a mwana. Ozizira. Ndinafunsa anamwino ngati chinthucho chikugwiradi ntchito. Akuti, "Injini ya magetsi simukuimva? Musatiphunzitse ntchito, aphunzitsi." Basi, anatuluka kukamwa tiyi.

Ndiulule, chifukwa ndi chimene chikundidya. Kabedi ndinakankha ndine. Ine ndinakulira pa mbaula, moto ndimaudziwa ndi maso. Ndinkati chinthu chosafiira n'chongofunda pang'ono, ndiye ndinasendeza kabedi mpaka kanachigunda. Kenaka ndinapita kumjigo kukachapa matewera. Mphindi makumi awiri zokha. Mwana wotere salira mokweza, amangoti nyii ngati kamphaka. Pobwera, ndinayamba kumva fungo ndisanamuone. Kadzanja kanali katatulukira pampata wa zitsulo za kabedi.

Adokotala anafika 10 koloko itadutsa. Atamanga bala, anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala la Chingerezi. Ndinaliwerenga ndekha. Linati chotenthetseracho chizikhala patali ndi mwana, chizikhala ndi waya wotchinga, ndipo chisakhudzidwe ngakhale mutachithimitsa kumene. Ndinafunsa za wayayo. Akuti ali m'katoni kosungira katundu, womangirira sanapezeke. Anamwino aja n'kuwonjezera, "Anthu a satifiketi inu, eti osadziwa kuti magetsi amawotcha?"

Satifiketi ndili nayodi. Nanga pepala lotsekeredwa m'dirowa ndikanaliwerenga bwanji? Tsiku lomwe ndinafika, mimba ikupweteka, pachipata anapeza nthawi yondifunsa khadi la chipani. Yondiuza kuti "musamuyandikize mwana" ndiye inasowa?

Bambo a Tadala sanandinenepo kanthu. Amangomuveka sokosi kudzanja tikamapita kutchalitchi. Bola akanandikalipira.

Sabata yatha ndinapita naye kusikelo, ndinasuzumira m'chipinda muja. Chotenthetsera chija chilipobe, chopanda waya. Mtsikana wina wa ku Magaleta anali atayanikapo thewera. Ndinalichotsa, ndinamuonetsa dzanja la Tadala. Amayi anzanga, mukachiona chitayera phee, chikuwotcha. Musadikire kuti wina akuuzeni.

Inu akuluakulu a chipatala, tulutsani wayayo m'katoni, lembani chenjezo pakhoma m'Chichewa. Tadala akadzayamba sukulu, ndidzamuphunzitsa ndine kugwira pensulo ndi dzanja lamanzere. Akadzandifunsa za linalo, za kabedi ndidzamuuza zonse, sindidzabisa. Nanga za waya adzamuuza ndani?