Lachisanu Lonyoza

Ku wekishopu ya mgodi wa ku Kabwe ndinali foromani wa kagulu kosema zikombole zamatabwa, zimene ankaumbira zitsulo za makina. Tinali ndi mwambo wathu. Lachisanu lililonse, amene wapanga chinthu chatsopano ankachiika pa benchi n'kutseka pakamwa, enafe n'kumachinyoza. Kuyamikira ndinaletsa, chifukwa munthu ukamuyamikira amagona. Wonyozedwa akayankha ankagula mabanzi a tiyi.

Katswiri wonyoza anali mmisiri wathu wamkulu, wakwathu ku Chipata, amene tinkaimba naye kwaya kutchalitchi. Pakamwa pake panali poyabwa. Ankayang'ana chogwirira chimene wavutika nacho sabata yonse, n'kukufunsa ngati wapangira munthu kapena nyani. Zinkawawa, koma chinthu chikadutsa pa benchi ija sichinkabwereranso.

Mphekesera zotseka mgodi zitayamba, ndinauza anzanga kuti tipange chathuchathu choti chidzatidyetse: mpope wamanja wa pazitsime za ku komboni ya Makululu, wopepuka, woti mayi aumasule yekha ndi sipanala imodzi. Tinaunyoza mpopewo Lachisanu ndi Lachisanu, mpaka tsiku lina mmisiri uja anauzungulira, n'kukanda mutu, osapeza chonyoza. Tinaseka mpaka misozi tsiku limenelo.

Mgodi unatsekadi. Wekishopu inagulidwa ndi anthu ena amasuti, ndipo ndinawachonderera kuti adzaone zikombole za mpope, mwina gulu langa lisabalalike. Tinasesa, ine ndinapakanso vanishi chikombole chilichonse, n'kuchenjeza anzanga kuti alendo akanyoza pasapezeke woyankha. Kubwera anabwera. Mmodzi anagogoda chikombole ndi kiyi wa galimoto, n'kufunsa ngati m'kati muli mkuwa. Nditati ayi, ndi mtengo wokhawokha, anati zikomo, ntchito yabwino kwambiri, n'kupita kukayeza malata apadenga. Ntchito yabwino kwambiri! Akanati n'chonyansa bwenzi nditadziwa kuti ayang'ana.

Zitsulo anagulitsa ngati sikirapu. Zamatabwa anataya kunja kwa geti, aliyense atole. Gulu langa linamwazika ndikuona: wina anapita kukakumba miyala pachimulu cha zinyalala za mgodi, wina anangokwatira kachasu. Ine ndinkapala matabwa a mabokosi amaliro, ntchito imene sinatseke m'Kabwe.

Tsiku lina ndikudutsa ku Makululu ndinapeza mmisiri uja kuseri kwa kanyumba ka lendi, nkhwangwa ili m'manja, mkazi wake akukazinga zitumbuwa zogulitsa. Pansi panali chikombole cha mutu wa mpope, chimene anasema yekha, atachiwaza pakati kuti asonkhere moto. Ndinapsa mtima. Ndinafuna kumutukwana pamaso pa mkazi wake.

Iye manyazi analibe. Anatola chibenthu n'kuchitembenuza pang'onopang'ono monga ankachitira pa benchi.

"Ba foromani, cholakwika chija ndachipeza," anatero. "Munachulutsa vanishi. Chikungofuka utsi, vitumbuwa vikununkha."

Mkazi wake anaweramira pachiwaya. Ndinakumbukira kuti wonyozedwa sayankha, ndipo mabanzi ndinalibe pogula. Ndinagwada n'kumugwirira chibenthu chinacho kuti awaze bwino.