Yusufu wavulala pa ragibi

Salaam aleikum nonse.

Masanawa ine ndi ababa tinapita kusitolo kwa a Jafali pa Domasi kukaonera mpikisano wa ragibi wa mayiko uja. Yusufu, mwana wa achemwali a ku Mangalande, akusewerera dziko la bambo ake, ndiye ababa anakakamira kuti akaone mdzukulu wawo pa TV.

Akuthamanga ndi mpira, zimphona ziwiri zinamuwomba nthawi imodzi, iye n'kugwa chagada. Anzake kumuitana, iye osagwedeza ngakhale chala. Pomutulutsa pa machira anali atamumanga khosi, dzanja likungolendewera. Dzanja limenelo silikundichoka m'maso.

Ababa anandigwira mkono. "Bwanji sakudzuka mwanayu?"

Ndinangoti, "Akupuma, ababa, masewerawa ndi otero." Pomwepo magetsi anazima.

Achemwali ndawaimbira kangapo, sakuyankha. Chibwerereni kunyumba ababa akana kudya, angokhala pakhonde, ndipo mukudziwa BP yawo. Foni ikangolira akuti, "Ndi achemwali akowo?"

Amene muli ndi nambala ya alamu, bambo ake a Yusufu, aimbireni chonde. Nanga ababa ndiwauze zoona, kapena ndidikire kaye? Akundiitananso, ndiwayankhe chiyani?