Mlongoti wowerama wa a Paskale

A Paskale Njobvu anachoka ku Malama asanagwirepo ngakhale nkhafi, koma pobwera kuchokera ku Siavonga ankayenda motangadza miyendo ngati dziko likuyendera mafunde. Kumeneko anagwira ntchito pa chibwato cha mzungu wina, cha thanga lalikulu ngati denga la tchalitchi. Sanali woyendetsa ayi, ngakhale pa mowa udindowo unkakwera. Ntchito yawo inali mawaya ogwira mlongoti wa thangalo. Mlongoti suima wokha. Amaukoka ndi mawaya mbali zonse, ndipo waya aliyense ali ndi chitsulo chopotera kumunsi, chimene ukachizunguza ndi sipanala wayayo amakungika kapena kukhwepa.

Bwato litagulitsidwa mu 1992, anabwerera kwawo n'kulowa usikauti wolondera nyama pa kampu ina m'mphepete mwa paki. Kunena zoona, patrolo sinali mphatso yawo. Akamva fungo la njati ankakumbukira mwadzidzidzi kuti bondo likuwawa. Chinawasunga pa ntchito ndi mlongoti wa wailesi ya ovaova, chitsulo chachitali chogwidwa ndi mawaya anayi. Mvula ikatseka msewu wa ku Mfuwe, wailesiyo ndiyo inali pakamwa pa kampu yonse. Mkulu wa kampu, a Langford, anawauza mosapsatira kuti tsiku limene mlongotiwo udzagwe, iwonso adzapinde mphasa zawo.

Tsono m'mawa uliwonse a Paskale ankazungulira mawaya awo. Waya aliyense ankamumenya ndi chikhatho n'kutchera khutu ngati wokunga banjo. Kenako ankamukoka ndi zala ziwiri kuona kuti agonja motani. Pomaliza ankagona chagada patsinde, diso limodzi chotsinzina, kuyang'ana ngati nsonga yapatuka. Lamulo lawo linali lakuti waya sakungidwa yekha. Ukapotako pang'ono kum'mawa, pita kumadzulo ukapotenso chimodzimodzi. Anthu ankati nzeru imeneyi sanaitenge ku Siavonga, anaiphunzira pa mitala.

Pakuti akazi analipo awiri. Wamkulu, a Esnati amake Maxwell, nyumba yawo inali kumadzulo kwa mlongoti. Wamng'ono, Alice, mtsikana wa ku Mfuwe amene ankayenda ndi ambulera ngakhale popita kumadzi, anali kum'mawa. Aliyense anasandutsa waya wa pakhomo pake chingwe choyanikapo zovala. A Paskale analetsa, anakalipa, anatchula ngakhale boma, koma pamapeto pake anangopempha kuti mabulangete onyowa okha asamafikepo.

Mtendere unalipo mpaka chilimwe cha 1994, pamene njovu ina yodzera masawu inaona kuti waya wa kum'mawa ndi wabwino kukandira pamsana. Waya anaduka. Watsopano anabwera pa galimoto kuchokera ku Mfuwe, wonyezimira ngati ndolo, ndipo anamangidwa pomwe panaduka, pakhomo pa Alice.

Vuto la waya watsopano n'lakuti amatamuka. Umukunga lero, mawa wakhwepanso, mpaka atazolowera katundu. Choncho a Paskale ankakhalitsa kum'mawa, atagwada ndi sipanala ndi kachitini ka girizi, Alice atawaimirira pambali ndi kapu ya tiyi. Akafika kumadzulo ankangomenya kamodzi waya wakale wa dzimbiri uja, n'kugwedeza mutu mokhutira, n'kupitirira.

Tsiku lina a Esnati anawaimitsa.

"Mwaswera bwanji, alendo athu? Kapena mwasochera?"

"Amake Maxwell, waya wanuyu alibe vuto. Anakhazikika kalekale."

"Ndi zimenezo. Chokhazikika amachimenya kamodzi n'kudutsa. Girizi ndi wa zonyezimira."

A Paskale anafotokoza za kutamuka kwa chitsulo, anatchulanso bwato la ku Siavonga, koma a Esnati anati iwo sanakwatiwe ndi bwato. Akazi a masikauti ena, amene pa kampu yopanda msika nkhani ndiyo ndiwo zawo, anathirirapo mchere. Ankati zitenje za Alice zimaima mowongoka ngati mbendera pamene za a Esnati zimalendewera ngati makutu a mbuzi.

Mu Novembala a Paskale anawatenga pa patrolo yaitali, bondo kapena ayi. Sipanala anaisomeka paudzu wa denga la a Esnati, poti kumeneko ndiko kumasungidwa zinthu zolemekezeka. Asanafike n'komwe kudambo, a Esnati anali ataisolola. Anapota chitsulo cha waya wawo mpaka atamumenya analira mokweza kuposa wa Alice. Anayanikapo bulangete lonyowa, waya sanagonje ngakhale pang'ono.

Mawa lake akazi a masikauti aja anamuonetsa Alice kuti nsonga ya mlongoti yayang'ana kwa mkazi wamkulu. Alice analibe sipanala, koma anapeza chimsomali, nachilowetsa pa chitsulo chopotera, napota mpaka nsonga inabwerera ndi kupitirira. A Esnati anabwezera. Alice anabwezeranso. Pokumana pa mjigo ankapatsana moni bwinobwino, wina akulu, wina mng'ono wanga. Mlongoti wokokedwa pansi mbali ziwiri unayamba kupindika pakati ngati uta, ndipo mawaya awiri opanda eni aja anangoti lende. A Langford, amene ankalankhula pa wailesiyo tsiku lililonse, sanayang'anepo kumwamba.

Masikauti anabwera masana ena, mphepo ya mvula yoyamba ili m'mbuyo mwawo ndi fumbi lake. A Paskale anamva mluzu wa mawaya asanaone n'komwe madenga. Anzawo amati tsiku limenelo bondo linachira, munthu anathamanga kusiya mfuti ndi chikwama panjira. Anapisa dzanja paudzu, sipanala palibe. Akutembenuka, chikhomo cha waya wa a Esnati chinazuka ndi simenti yake yomwe, mlongoti n'kuyamba ulendo wopita pa denga la Alice.

Anadumphira wayayo n'kumukulunga m'manja. Wayayo akanawakoka ngati nsomba, koma a Esnati anawagwira m'chiuno n'kukhala pansi, ndipo a Esnati akakhala pansi akhala. Alice anagwira a Esnati. Anakhala choncho mumvula, atatu pa waya mmodzi, kufikira masikauti atamanga chingwe ku mtengo wa mtondo.

Pambuyo pake akazi a pa kampu anayamikira a Esnati kuti apulumutsa nyumba ya mnzawo.

"Nyumba yake?" anatero a Esnati akufinya chitenje. "Ugwerepo, boma limumangire ya malata, ine ndili mu udzu?"

Mlongoti sunagwe, ndipo mphasa za a Paskale sizinapindidwe. A Langford anangofunsa ngati wailesi ikulankhula, ndipo inkalankhula. Chikhomo anachikwirira ndi simenti yatsopano, mawaya onse anayi anawamasula n'kuyambiranso kukunga pang'onopang'ono, uku ndi uku, mpaka analira mawu amodzi. Koma chitsulo chikapindika chapindika. Nsonga inatsala yowerama kum'mawa, ndipo sipanala sikanaiwongola.

A Esnati anapirira mlungu umodzi. Kenako anati sangadzuke m'mawa uliwonse kumaonerera mlongoti wa boma ukugwadira khomo la mwana wa dzana. Nkhani inafika kwa ankhoswe, ndipo ankhoswe, atatopa, anagamula kuti akaziwo asinthane nyumba. A Esnati anasamukira kum'mawa ndi mitondo yawo, nalandira ulemu wa mlongoti pamodzi ndi waya wonyezimira.

Kungoti pofika nthawiyo waya watsopano uja anali atakhazikika. Chimene chinkafuna diso tsiku ndi tsiku chinali chikhomo cha kumadzulo, chokwiriridwa m'dothi lonyowa. Choncho m'mawa a Paskale ankamenya kamodzi waya wa a Esnati, n'kugwedeza mutu mokhutira, n'kupita kukagwada kumadzulo, kumene Alice anali atatereka kale tiyi. Sipanala ankayenda nayo pakhosi, pa chingwe, ngakhale kutchalitchi.