Maliro Amene Marita Anabisiridwa

Mlongo wanga Marita sanapite patali ndi sukulu, koma m'mudzi mwathu, kuseri kwa Nsaru, amayi ambiri amene ali kumanda anadutsa m'manja mwake. Ndiye ankasambitsa mitembo ya akazi. Ntchitoyi sanachite kuipempha. Anaiyamba akadali mayi wamng'ono, tsiku limene akuluakulu anaopa kukhudza mtembo wa mayi wina amene anatupa thupi lonse. Kuyambira pamenepo uthenga wa maliro unkafika kwa iye usanafike kwa abusa. Anali ndi beseni lake, sopo wake, ndi kansalu koyera kamene sikankagwira ntchito ina. Akamaliza ankamanga duku kumutu kwa malemu monga mwini wake ankamangira ali moyo. Ankati munthu azipita akuzindikirika.

Mnzake wa pamtima anali Getrude, a Nambewe. Anakulira limodzi, anakwatiwa chaka chimodzi, ndipo yunifolomu ya Chigwirizano anaivala tsiku limodzi. Anali ndi pangano limene mudzi wonse unkalidziwa: amene adzatsale adzasambitsa mnzake. Getrude ankakonda kulinena pachitsime anthu akumva.

"Iwe Marita, usadzandimange duku ngati ndikupita kuchigayo. Mfundo ikhale kumbali, wamva?"

Marita ali ndi mwana mmodzi, Ronald. Anamuphunzitsa ndi mtedza ndi fodya. Tsopano amagwira ntchito yabwino mumzinda wa Lilongwe, ndipo anakwatira mkazi dzina lake Vanessa. Sindinganene kuti ndi mwana woiwala kwawo. Malata a panyumba ya amayi ake anagula ndi iye. Chaka chatha titamaliza kukolola anabwera ndi nkhani yoti akuwatenga amayi ake kukapuma ku Zanzibar, kuhotela ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Marita anakana, chifukwa Getrude ankatsokomola. Koma Getrude yemweyo ndiye anamukankha.

"Pita iwe, ndi chifuwa chabe ichi. Ukandigulire chitenje cha kumeneko, ndidzawaonetse anthuwa."

Za kuhotelako ndikulemba zimene anandiuza yekha, ndipo anandiuza akukukuta mano.

Atafika anamumanga kachingwe ka pulasitiki pamkono, chizindikiro choti adye chilichonse osafunsidwa. Iye anati nkhuku zake nazonso amazimanga kansanza kumwendo. Chipinda chinali chozizira ngati ku mochale. Bedi linali loyalidwa nsalu zoyera, maluwa atawazidwa pamwamba. Anaima pakhomo n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Vanessa anaseka mpaka kukhala pansi.

Nyanja yake imachoka yokha n'kusiya mchenga woyera, kenako n'kubwereranso. Anyamata ankasalaza mchengawo m'mawa uliwonse, osadzalapo kanthu. Azungu ankagona padzuwa atadzola mafuta, ngati makaka oyanika. Chakudya chinkadzaza matebulo ataliatali: nkhanu, nsomba zina zamiyendo, zipatso zosenda kale. Munthu ukangoika kapu pansi, wina wafika kudzaitenga.

Ndipo Marita anasangalala. Ichi ndicho chimamupweteka kuposa zonse. Anaviika mapazi m'madzi, funde linamugwetsa, anaseka. Mtsikana wina wa pahotelapo anamusisita msana ndi mafuta onunkhira mpaka anagona tulo. Anagula chitenje chobiriwira cha Getrude. Kafoni kake sikankagwira kunja kwa dziko, choncho m'mawa uliwonse ankafunsa mwana wake.

"Kumudzi mwawamva? A Nambewe ali bwanji?"

"Kuli bwino, amayi. Idyani."

Kunalibe bwino. Getrude anatsirizika ali panjira yopita kuchipatala, Marita atangochoka kumene. Ine ndinapita kwa a Samson, aphunzitsi a pasukulu yathu, amene foni yawo imatha kuimba kunja. Ronald anayankha. Kumbuyo kwake ndinkamva nyimbo ndi kugundana kwa mbale.

"A Nambewe atisiya. Uwauze amako tsopano lino."

Iye anangoti, "Ndamva, amalume. Ndiwauza."

Brenda, mwana wa Getrude, anapempha kuti tidikire, mwina amayi Marita anena mawu. Tinadikira mmene mtembo ungadikirire m'mudzi. Tinaimbanso, foni inangolira. Pomaliza mayi wina wa m'mudzimo, mkazi wa a Martin, anatenga beseni la kwawo n'kulowa m'nyumba ya siwa. Anachita zimene akanatha. Poona nkhope ndinayang'ana duku. Mfundo inali kumbuyo, ngati munthu wopita kuchigayo.

Adzukulu akukwirira manda, ndinaona foni ikuyenda m'manja mwa amayi, kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Vanessa anali ataika chithunzi cha kuhotela pa intaneti, poti aliyense aone. Marita anali atatsamira pampando wautali, chipewa chachikulu kumutu, kokonati m'manja, mano onse pamtunda. Pansi pake analemba kuti, "Amayi akupumako." Palibe amene anakweza mawu, koma ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akuti, "Anauzidwatu. Wasankha nyanja."

Atabwerako, Ronald anatsalira m'tauni. Anati ntchito yamuchulukira, n'kutuma dalaivala kuti awatule amayi ake. Ngakhale pabwalo la ndege sanawauze. Marita sanalowe n'komwe m'nyumba mwake. Anasolola chitenje chija m'chikwama n'kulunjika kwa mnzake. Ine ndinamuona ali kale patsogolo, ndipo miyendo yanga siithamanganso.

"Odi kuno! Wachifuwa uja ali kuti? Tuluka udzaone!"

Kenako anaona phulusa la moto wa pamaliro pabwalo. Anaona mitu yometa. Brenda anatuluka n'kuima pakhonde, manja atapinda.

"Mwabwerako, amayi? Tinakuonani. Chipewa chija chinakukhalani."

Marita anayang'ana Brenda, n'kuyang'ana ine. Ndinamuuza zonse pomwepo, ndi tsiku limene ndinaimba foni. Sanalire. Anafunsa funso limodzi.

"Anasambitsa ndani?"

"Akazi awo a Martin."

"Duku?"

Marita anatambasula mkono kwa ine. Kachingwe ka kuhotela kaja kanali kadakali pomwepo, chifukwa sikamasuka ndi zala.

"Achimwene, dulani ichi."

Ndinadula ndi kampeni kanga.

Ronald anabwera Loweruka lake, atanyamula shuga ndi mafuta ophikira. Tinakhala kwanga, pansi pa mtengo wa mango, pakuti ine ndine mwini mbumba. Anayamba ndi mawu amene anaoneka kuti anawakonza m'galimoto.

"Amayi, mukanamva mukanatani? Ndege si minibasi ya pa Nsaru yoti mungoimika ndi dzanja. Simukanafika. Mukanangodzitsekera m'chipinda n'kumalira. Moyo wanu wonse ndi maliro okhaokha. Ndinafuna kuti kamodzi kokha museke."

"Ndinaseka," anatero Marita. "Mudzi wonse unawerenga mano anga."

"Chithunzicho Vanessa sanaganize..."

"Usamunamizire mkazi wako. Amene ndinkamufunsa ndiwe. M'mawa uliwonse unkandiyang'ana m'maso n'kundiikira nanazi pambale. Ukuti ndikanalira? Eya, ndikanalira. Kulirako kunali kwanga. Ndikanavula nsapato, ndikanakhala pansi, chakudya chawocho ndikanachikana. Ndikanauza Brenda pafoni mmene duku amamangira. Koma Getrude akulowa m'dothi, ine ndili chafufumimba, mwana wa eni akundisisita msana ngati khanda. Unandiyesa chiyani iwe? Mbuzi yoti ukaipatsa madeya yaiwala?"

"Ndinachita chifukwa chokukondani."

"Ndiye pita ukanene zimenezo kwa Brenda. Ukaime pamaso pa amayi a Chigwirizano, unene ndi pakamwa pako kuti sindinauzidwe."

Ronald anayang'ana nsapato zake. Anati amalume akafotokoza bwino kuposa iye, ndipo chipepeso atumiza pafoni. Ndinamuuza kuti pakamwa panga sipangalowe m'malo mwa pake. Anavomera ndi mutu, anati apita akangomwa madzi. Posakhalitsa tinamva galimoto ikulira. Nyumba ya Brenda ili panjira pomwepo. Sanaime.

Ine ndinakafotokoza. Ena anakhulupirira. Ena anati, "Nanga mlongo wake anganene chiyani?"

Mvula itayandikira kunagwa maliro ena, a mayi wokalamba wa kutsidya kwa dambo. Uthenga sunafike kwa Marita. Anangomva nyimbo. Anatenga beseni lake n'kupita, koma anapeza mkazi wa a Martin atalowa kale, chitseko chitatsekedwa. Anakhala panja pamodzi ndi anthu ena onse, beseni lili pamiyendo. Palibe anamuthamangitsa, palibenso anamuitana. Kuyambira tsiku limenelo besenilo lili pamsomali kukhitchini kwake. Chitenje chobiriwira chija chili m'sutikesi, pepala la kusitolo likadali pomwepo.

Ronald amaimba foni Lamlungu lililonse. Marita amayankha mwaulemu. Akafunsidwa za kumudzi, kaya mbuzi zafa, kaya mwendo wamutupa, yankho lake ndi limodzi: "Kuli bwino. Idya."

Mwezi wathawu Marita anabwera kwanga ndikusoka mkeka. Anakhala pansi osapereka moni.

"Achimwene, tsiku langa likadzafika uthenga udzadutsa kwa inu. Ronald musadzamuuze mpaka adzukulu atasalaza manda. Akadzaimba mudzati kuli bwino. Apumeko, amagwira ntchito yambiri."

Ndinamuuza kuti ndi mwana wake yekhayo. Anati akudziwa, anabereka yekha. Ndinamuuza kuti anthu adzatinena. Anati anayamba kale. Ndinakumbukira galimoto ija ikudutsa pakhomo pa Brenda, fumbi lili kobo, ndipo ndinavomera.

Ine ndine wamkulu kwa Marita, ndipo mwina ndidzatsogola ndine. Choncho dzulo ndinapita kusukulu kukawauza a Samson kuti nawonso asadzamuuze Ronald, pakuti foni yoimbira uthenga wa maliro ndi yawo.