Pulazima ya Apongozi

Pa msika wa Namitambo palibe wogulitsa amene amasangalala akandiona ndikubwera. Amayi a tomato amabisa mulu wabwino, a mbuzi amayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Ndinayamba kunenerera mitengo ndili ndi tsitsi mutu wonse, ndipo njira zanga n'zodziwika. Katundu ndimamunyoza ndisanafunse mtengo. Ndimamunyamula kuti ndimve kulemera kwake, chifukwa kwa ine chopepuka n'chabodza, kaya ndi khasu, wailesi kapena batire. Koma lamulo langa lalikulu ndi ili: wogulitsa asadziwe chimene ukufunira katunduyo. Ukangoti mbuziyi ndi ya pachinkhoswe, mtengo wakwera mbuziyo isanalire n'komwe.

Ndine mkamwini. Ndinakwatira cha ku Mauwa, ndipo nyumba yathu ili pamalo a apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Zaka zonsezi ine ndi iwo sitinakhalepo m'chipinda chimodzi. Tikakumana panjira ine ndimapatukira m'munda n'kuyamba kuyendera chinangwa cha eni ake. Mawu athu amadzera mwa mkazi wanga, ndipo amene amafika kwa ine kawirikawiri ndi akuti, "Amuna akowa chimene anabwera nacho pamudzi pano ndi pakamwa basi."

Mwana wathu woyamba, wamkazi, analeredwa kumsana kwa apongoziwo. Atakula anapita ku Joni, ndipo kumeneko anapezana ndi mnyamata wa kumpoto amene palibe aliyense wa ife anamuonapo. Ankhoswe anakambirana pafoni, ukwati unachitikira komweko. Patapita mwezi, munthu wina wa m'mudzi mwathu wobwera pabasi anatipatsira kafulashi, kanthu kochepa ngati chala chakumapeto, muli kanema wa ukwati wonse.

Apongozi ali ndi ng'ala. Nthawi imeneyo diso lakumanzere linali litatseka kale, lakumanja likutsatira. Tinawaonetsa zithunzi za pafoni, iwo anati akungoona nyerere zitavala zoyera. Anauza mkazi wanga kuti, "Ndimuone nkhope munthu amene watenga mdzukulu wanga, diso latsalali lisanatseke. Zina zonse sindikuzifuna."

Mwana uja anatiuza pafoni kuti kanemayo ndi wa HD, choncho tikagule TV ya HD. Mkazi wanga anagulitsa nandolo, n'kundipatsa ndalamazo atazimanga pakansalu.

"Abambo, mukangofunsa bwinobwino. Mukawaonetse kafulashiko."

"Amayi, ine mukundiphunzitsa kugula?"

Ndinakwera minibasi ya ku Limbe ndili ndi mawu amodzi okha m'mutu, HD. Ndinkaganiza kuti ndi dzina la kampani, ngati mayina amene amalembedwa panjinga. Ndinalowa m'sitolo ina yopapatiza, makoma onse ali mapulazima okhaokha, onse akuonetsa nsomba imodzimodzi ikusambira. Mwini wake anali bambo wamimba, wa msinkhu wa mng'ono wanga, akudya chimanga chootcha.

"Madala, takulandirani. Mukufuna HD Ready, Full HD, kapena tikwere pa 4K?"

Apa m'pamene ndinadziwa kuti HD uja ali ndi abale ake. Koma kufunsa kumaonetsa kuti wachokera kumudzi, ndipo wakumudzi amamukwezera. Ndinangogwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene kunyumba kwake ali nazo zonse zitatu.

Iye anayamba kufotokoza yekha. Iyi chithunzi chake chili ndi timadontho tochepa, iyi tambiri, iyi tambirimbiri moti ukhoza kuwerenga mamba a nsomba. Iyi ndi simati, imalowa pa intaneti. Ine ndinayang'ana iyi, ndinayang'ana iyo. Nsomba inali yomweyo.

"Nsomba zanuzi zikuoneka zodwala zonse," ndinatero, kuti ntchito iyambike.

Kenako ndinanyamula imodzi ya Full HD ija. Inakwera ndi dzanja limodzi ngati lichero.

"Achimwene, umu mulibe kanthu umu. Mukugulitsa chikuto chokha, zamkati munachotsa."

Anaseka. "Zamasiku ano zimapepuka choncho, madala."

"Ndiye n'chifukwa chake sizikhalitsa."

Pakona, kuseri kwa makatoni, ndinaona ina yakaunjika, yochindikala ngati chitseko cha tchalitchi, fumbi lili mbuu, pangodya pali sitika yolembedwa HD Ready. Ndinayesa kuinyamula, msana unalira. Mtima wanga unakhala pansi. Ichi ndiye chinali chinthu.

"Nanga chibokosi chakufachi mumasungira chiyani? Ngodya yosweka, fumbi lokhalokha. Ndani angagule chimenechi?"

"Imeneyo ndi yakale ndithu. Kodi mukaonerapo chiyani, madala? Dikoda, DVD, kapena fulashi?"

Kafulashi kanali m'thumba la malaya, pamtima penipeni, nditakakulunga m'pepala la shuga. Ndinamva ngati kakutentha. Koma ndinadziwa msampha. Ndikangoti ukwati, ndikangoti apongozi, basi ndaphedwa.

"Zongoonera ana. Palibe chofunika."

"Ndikufunsa chifukwa zina sizilandira..."

"Achimwene, mukugulitsa TV kapena mukuchita kalembera?"

Anakweza manja, n'kubwerera ku chimanga chake.

Tinalimbana kwa ola lathunthu. Ndinatuluka m'sitolomo kawiri, ulendo wachiwiri ndinafika mpaka pamene amagulitsa nsapato, iye n'kundiitana. Mtengo unatsika mpaka ndinamumvera chisoni pang'ono. Pamapeto ndinamulanda basera, chingwe cha mitu itatu, wofiira, woyera ndi wachikasu. M'minibasi chinthucho chinalipira mpando wakewake, ndipo kondakitala anandifunsa ngati ndanyamula mwala wa pamanda. Kuchokera pa siteji anachita kugwirizira anthu awiri panjinga ya kabaza, ine ndikuyenda pambuyo ngati mwini maliro. Ndinafika pamudzi ndikuyenda monyang'wa, chenji chili m'thumba.

Loweruka masana anthu anadzaza pabalaza pathu. Azilamu, azakhali a mkazi wanga, amayi a m'kwaya, ngakhale anthu amene sitilankhulana nawo chifukwa cha malire a munda. Ndinatembenuza pulazima ija kuti ndilowetse kafulashi. Kumbuyo kwake kunali mabowo ochuluka kuposa chisa cha chiswe, ozungulira, aatali, ena a mano. Ndinayesa lililonse. Kafulashi sikanalowe ngakhale limodzi.

"Kavuta?" anafunsa mlamu wanga wamkulu, amene wakhala akudikira tsiku ngati limeneli kuyambira pachinkhoswe changa.

"Ayi, ndikungoona kuti labwino ndi liti."

Anandipulumutsa ndi aphunzitsi oyandikana nafe. Anakatenga DVD yawo yakale, yomwe inali ndi kabowo ka fulashi kutsogolo, tinailumikiza ndi chingwe changa cha basera chija. Ndinanena mokweza kuti anthu aone ubwino wa basera. Ndiye uthenga unapita kuti apongozi abwere. Ine ndinatenga rimoti n'kutuluka, n'kukaima pakhonde, dzanja lokha nditalowetsa pawindo. Anawalowetsa atawagwira mkono, apongoziwo atavala chitenje chawo cha ku Misa, n'kuwakhazika pamkeka kutsogolo kwenikweni.

Ndinadina.

Mawu anatuluka bwino kwambiri. Kwaya ikuimba, nthungululu, wina akufuula kuti akwati alowe. Koma galasi lonse linali bii. Aliyense ankadikira kuti mwina chithunzi chikubwera pambuyo. Nyimbo inatha, inayamba ina. Mdima womwewo.

Kenako ndinamva mawu a apongozi, otsika, osati aja amanenera za pakamwa panga.

"Basi. Latseka."

"Ayi amayi," anatero mkazi wanga, "nafenso sitikuona kanthu."

"Usandinamize, mwana wanga. Onerani inu, muzindiuza."

Amayi a m'kwaya analumbira, aphunzitsi analumbira, koma iwo anakana. Ankati tikuwamvera chisoni. Posakhalitsa inveta ya sola inayamba kulira ngati mwanapiye, chifukwa chinthu changa cholemeracho chinali chitamwa batire yonse, ndipo mawu aja anazimanso. Apongozi anapempha kuti awaperekeze kwawo. Ine ndinazungulira kuseri kwa nyumba kuti adutse, ndipo ndinakhalako nthawi yaitali kuposa mmene mwambo umafunira.

Aphunzitsi anandipeza komweko. Anati kanema wa ku Joni uja ndi wa HD yeniyeni, DVD yawo ndi yakale, ikutha kumva mawu koma chithunzi chikuikulira. Pulazima yanga ikanatha kuonetsa ndithu, koma ilibe khomo lolowera fulashi.

"Kodi wogulitsayo simunamuuze kuti ndi za fulashi?"

Ndinati nkhani inali yambiri, sitinafike pamenepo.

Lamulungu apongozi sanapite ku Misa. Mkazi wanga anawapeza atakhala pakhomo, akuyendetsa zala kutsogolo kwa nkhope, kuyesa ngati diso likadalipo. Atabwerako sanakalipe, zomwe zinandiopsa kwambiri.

"Mawa tikupita limodzi. Kafulashi ndisunga ine."

Chinthu chija chinalipiranso mpando wake. Titalowa m'sitolo muja, mwini wake anandiyang'ana, anayang'ana katundu, anayang'ana mkazi wanga.

"Madala! Ana aja ndi amenewa?"

Ndisanatsegule pakamwa, mkazi wanga anali atayamba kale. Ananena zonse. Ukwati, Joni, ng'ala, diso limodzi, nandolo, mpaka za chitenje cha ku Misa. Ndinamuponda phazi, iye anangolisuntha n'kupitiriza. Ndinkaona mtengo ukukwera pankhope ya munthuyo ngati madzi mumtsinje.

Analandira kafulashi n'kukalowetsa m'mbali mwa ija ndinaitcha lichero. Nsomba inachoka. Pamalo pake panaima mwana wanga, atavala zoyera, akuseka, kampata ka mano ake kakuoneka, ngakhale kachipsera ka pachibwano kamene anakapeza atagwa mumtengo wa mango.

"Mwana wanga uyo," ndinatero. "Amayi, taonani, mwana wathu uyo."

Ndinanena mokweza, m'sitolo, pamaso pa wogulitsa, misozi ili m'maso. Zaka zonse za ukatswiri wanga zinathera pamenepo. Munthu amene walira pamaso pa katundu sanenereranso.

Ndinayesabe, poti chizolowezi. Ndinati tisinthane, atenge yolemerayo pamtengo womwe ndinagulira. Anaizungulira pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo.

"Chibokosi chakufachi, madala? Ngodya yosweka, fumbi lokhalokha. Ndani angagule chimenechi?"

Mawu anga omwe, osasintha ngakhale limodzi. Mkazi wanga anaseka mpaka anagwira kauntala. Anailandira motsika kwambiri, ndipo lichero lija sanatsitse ngakhale pang'ono. Chenji changa chonyadira chija chinapita, ndipo mkazi wanga anamasulanso mfundo ina ya chitenje imene sindinkadziwa kuti iliko. Ndiye kuti lamulo langa linali loona, ukanena chimene ukufunira katundu mtengo umakwera. Ndinamuuza mkazi wanga zimenezi m'minibasi, pulazima ili pamiyendo panga ngati mwana. Anati ndikanene kwa amayi ake.

Ulendo uno sitinaitane anthu. Apongozi anakana kubwera mpaka mkazi wanga anachita kuwanyengerera kuti angoyesa kamodzi. Ine ndinali pamalo anga pakhonde, dzanja pawindo. Ndinadina, ndipo chipinda chinawala.

 Ndinasuzumira pang'ono, zomwe n'zosaloledwa. Apongozi anali atakwawa kuchoka pamkeka, mphuno ili pafupi kugunda galasi, mutu ataupendeka kuti diso lamoyolo likhale kutsogolo.

"Wanenepa," anatero. Kenako, "Uwauze akunjawo aimike pamene pali mwamunayo."

Ndinaimika. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ngati mmene ine ndimayang'anira mbuzi.

"Dazi. Pamudzi pano tinalakwa chiyani kuti tizingolandira amuna a dazi?"

"Amayi, akumva kunjaku."

"Amve. Uwauze apititse."

Ndinapititsa. Pamene akwati ankatuluka m'tchalitchi, pali masitepe, mnyamatayo anatsika kaye n'kumugwira mkazi wake dzanja, kwinaku akumunyamulira diresi kuti asapunthwe. Apongozi anati ndibweze. Ndinabweza. Anati ndibwezenso. Kanayi konse.

"Ameneyu amusunga," anatero, n'kubwerera pamkeka. "Uwauze akunjawo kuti ulendo uno agula chinthu."

Mkazi wanga sanawauze kuti anagula ndani, ndipo ine sindinaone chifukwa chowasokonezera.

Diso lija linatseka mvula itayamba. Koma mpaka lero Lamulungu lililonse akachoka ku Misa amabwera, n'kukhala pamkeka, ine n'kutenga rimoti kupita pakhonde. Amamvera mawu okha, ndipo kanema yense ali m'mutu mwawo. Kwaya ikangofika pa nyimbo yotulukira amakweza dzanja, ine n'kuimika, iwo n'kuyamba kufotokozera aliyense amene alipo za masitepe, za diresi ndi za dazi.

Nkhani inafika ku Namitambo, mlamu wanga anaonetsetsa. Sabata yatha ndinanyamula tambala pamsika, ndikumuyesa kulemera, ndikunena kuti akuoneka wachitopa. Mayi wogulitsayo sanatsutse. Anangondifunsa kuti, "Ameneyunso ndi wongoonera ana, madala?"

Ndinamuuza zoona, kuti ndi wa apongozi. Anandikwezera.