Phili la Kuseli kwa Dimba

Lachiwili lapitali ndinafunsidwa funso loti mwana wa giledi yoyamba angayankhe, koma ine ndinalephela.

Papita miyezi iwili ndikuphunzila kujambula ndi penti ya mafuta. Amandiphunzitsa ndi amai Mulenga, aphunzitsi amene anatumizidwa kuno ku Petauke kuchokela kumpoto. Timapemphela chalichi chimodzi. Munganene kuti ndi masewela a nkhalamba, koma chifukwa chilipo. Dimba limene tinkalima ndi malemu mkazi wanga ku Kalindawalo ndi la kwao, ndipo mwezi uno ukatha libwelela kwa abale ake. Sindidandaula. Ndi mwambo, ndipo andilezela mtima zaka zitatu. Ndinangofuna kuliika pansalu ndisanalipeleke.

Ndinayamba ndi zimene ndidziwa: mizele ya lepu, matimati, chitsime. Amai Mulenga atayang'ana anaseka.

"Bambo Tembo, mwayambila kumapazi! Chithunzi chimayambila kutali: mitambo, mapili, zapafupi pothela. Kuseli kwa dimba kuli chiyani?"

"Kuli phili."

"La mtundu wanji?"

"Lobiliwila. Nanga phili likhala bwanji?"

"Mwaliona, kapena mwangoganiza? Kwelani njinga mukalione. Penti ndi yodula, sitiitayila pa zongoganiza."

Kutacha ndinapalasa. Ndinakhala pachitsa, manja opanda khasu, ngati mlendo.

Abale anga, phili lija silobiliwila. M'mawa ndi labuluu wotuwa, ngati utsi wakutali. Dzuwa likapendeka phililo lifiilila mbali imodzi, ndipo pakati pake pali mwala woyela umene sindinauonepo. Zaka makumi atatu ndili pansi pake!

M'pamene ndinakumbuka. Mkazi wanga ankakonda kuima pakati pothilila, keni pansi, manja m'chiuno. "Atate ake Tisa, taonani phili lelo." Ine osadzutsa mutu: "Phili silithawa, amai. Madzi ndiwo akutha."

Zoona, phili silinathawe.

Ife tinaleledwa kuti woima pantchito ndi waulesi. Kumunda maso pansi. Panjinga maso pamaenje a mumsewu. Lelo timadzudzula ana athu kuti sachotsa maso pafoni, koma kodi kuwelama anakuphunzila kwa ndani? Mitu yathu inazolika kale foni isanabwele. Tsiku la Mulungu timaimba za chilengedwe chake, mawu okweza bwino. Tinachiona liti?

Sindinena kuti tileke kugwila ntchito. Lepu uja ndiye anaphunzitsa ana athu. Koma kudzutsa mutu kukanandidyela chiyani? Ngakhale mzele umodzi sukanafota. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ine ndinkayesa kuti nthawi yoyang'anila limodzi ilipo yambili.

Ubwino wa penti ya mafuta ndi wakuti imachedwa kuuma. Ukalakwa umapala ndi mpeni n'kuyambanso. Lachinayi ndinapala lepu, matimati ndi chitsime chomwe. Tsopano pansalu pali mitambo ndi phili basi, pansi ponse m'poyela. Masiku otsalawa sakwanila kumaliza, popeza penti yoyamba iyenela kuuma ndisanapake ina pamwamba. Dimba ndidzalipeleka chithunzi chili chosatha. Ndavomela. Mizele ya lepu ndingaijambule nditatsinzina. Chimene ndinalibe ndi chimene mkazi wanga ankaona.

Nanga inu, alipo amene amakuitanani kuti, "Taonani"? Mailo akadzakuitanani, mudzamuyankha chiyani?