Masiki ya pampanda

Chaka cha korona chija mng'ono wanga anabereka mwana wosakwana masiku, ndipo anachita kumung'amba. Kamwanako kankafunika kukhala pachifuwa pa munthu usana ndi usiku kuti kasazizidwe, koma mayi wake ngakhale kudzuka sankatha. Kuchipatala ankalola womudikirira mmodzi yekha, ndiye ndinakwera matola ku Bolero. Masiki yanga inauluka ndi mphepo panjira.

Pageti mlonda anandibweza. Ndinamanga chitenje kukamwa, iye n'kuseka.

"Mama, lamulo likuti masiki. Chitenje n'cha m'chiuno."

Pagolosale zinali zitatha. Ndili kakasi pampanda, mayi wina wa kunyanja anandikodola.

"Musadandaule, mama. Ilipo imodzi, tikubwerekana. Mukathana nayo mutiponyere."

Anailandira kwa bambo wina amene anali atangotuluka, akutsokomola. Poyamba inali yabuluu. M'kati inali yonyowa, yothimbirira, ikununkha usipa, fodya ndi malovu a anthu osawadziwa. Ine mphunzitsi, amene ndimakalipira ana a eni ake pa nkhani yosamba m'manja, ndinaivala. Mlonda uja, amene ankaiona ikulowa ndi kutuluka tsiku lonse, anandithira mankhwala m'manja n'kunena kuti, "Eya, tsopano ndiye mwatetezeka." Zonyansa!

M'chipinda cha makanda namwino anandimangirira kamwanako pachifuwa ndi chitenje. Kanali kopepuka ngati mwanapiye, ndipo kamutu kake kanali pansi penipeni pa chisanza cha masiki chija. Ndinapempha masiki yatsopano.

"Zinatha kalekale, ifenso tikuchapa zathu," anatero namwinoyo, nkhope ili yotopa. "Koma musavule, mungamupatsire mwana matenda."

Ndinakhala khosi lili chopotoka, ndikupumira kukhoma. Mpweya uliwonse ndinkaganiza za chifuwa cha bambo uja chikutsikira pa mwana amene mapapo ake anali asanakhwime. Ndinakwiya. Lamulo lanji lokhutira ndi nsanza bola ili pamphuno?

Namwino atatuluka ndinaivula, n'kuiponya pazenera kunja kwa mpanda. Ndinaganiza kuti igwera m'ngalande. Anaiwakha mtsikana wina wapakati, dzanja lina litagwira msana, matenda atamuyamba kale.

"Yewo chomene, mama!" anakuwa, n'kuivala.